Ndatsala ndi Loweruka limodzi ku London: ndikaonerenso zisudzo kapena ndikwere sitima?

Nachisale: Moni nonse apagulu pano. Pepala langa lomaliza ndapereka Lolemba lapitali, tikiti yobwerera kumudzi ili m'manja, ndinyamuka kumathero a Seputembala. Ndikachotsa masiku olongedza, kubweza makiyi a chipinda ndi kutsanzikana ndi akutchalitchi, ndatsala ndi Loweruka limodzi lokha lomwe ndi langalanga, komanso mapaundi 70 omwe ndinasunga pambali. Mtima uli pawiri. Kwina ndikufuna kukwera sitima kukaona mzinda wa Bath, poti sindinafikeko. Kwina ndikufuna kubwerera ku Globe, nyumba ya zisudzo za Shakespeare, kukaonera sewero komaliza nyengo yake isanatseke mu Okutobala. Inu amene mwakhalitsa kuno mundithandize nzeru.

Malume a ku Leeds: Mwana wanga, choyamba ndikuyamikire pomaliza sukulu. Koma ndiyankhula ngati malume, usandidandaule. Mapaundi 70 kuno amaoneka ochepa, koma ukawatumiza kumudzi mwezi uno, pomwe anthu akusakasaka feteleza, ndi ndalama yoti mayi ako akagona tulo. Unabwerera sukulu, sukulu yatha. Zisudzo ukazionera kwathu.

Mayi NaJere: Aaa achimwene, mwanayu wafunsa kopita, sanafunse ngati apite.

Malume a ku Leeds: Ndamva achemwali. Koma taona ana ambiri akubwerera kumudzi ndi zithunzi zokhazokha mufoni, m'thumba muli mbee.

Nachisale: Malume, sindikudandaula, ndipo funso lanulo ndakhala ndikudzifunsa chaka chonsechi. Ndikuuzeni mmene ndinkachitira. Viza yathu imalola kugwira ntchito maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Ine ndinkagwira masiku awiri musitolo, ndipo malipiro akangolowa, gawo loyamba linkapita kwa amayi ndi fizi ya mng'ono wanga. Sindinadumphitse mwezi. Pa zotsalazo ndinkapatula mapaundi 40 mwezi uliwonse, ndiwo a zisudzo ndi maulendo. Nsima ndinkaphika ndekha, khofi wa mumsewu sindinkagula, ndipo malo ambiri ndinkayenda wapansi. Ngongole ndilibe kwa munthu.

Chifukwa chimene ndinayambira ndi ichi. Milungu itatu yoyamba ndinkangochoka kuchipinda kupita m'kalasi, kuchoka m'kalasi kupita kulaibulale, kenako kuchipinda. Ndinkatha tsiku lonse osayankhula ndi munthu kupatula kunena zikomo pamashini olipirira. Ndinayamba kulira usiku popanda chifukwa chenicheni. Mnzanga wina wa m'kalasi, mtsikana wa ku Kenya, ndi amene anandikoka Loweruka lina mu Okutobala, akuti tiye ukaone nyumba yofolera ndi bango pakati pa London.

Chikondi wa ku Zomba: Yofolera ndi bango? Ku London? Tafotokozani bwino achemwali, ife a zisudzo makutu tatchera.

Nachisale: Eya achimwene, bango lenileni. Ili m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, pafupi ndi Tate Modern, mukangowoloka mlatho wa oyenda pansi wochokera ku St Paul's. Ndi yozungulira ngati nkhokwe yaikulu, makoma oyera, mizati yamatabwa, ndipo pakati pake palibe denga. Globe yoyamba, imene Shakespeare ankagwiramo ntchito, inamangidwa mu 1599 ndipo inapsa mu 1613 pamene mzinga umene anawombera mkati mwa sewero unayatsa dengalo. Anaimanganso, kenako inatsekedwa mu 1642. Iyi ya lero inatsegulidwa mu 1997, ndipo amene analimbikira kuti imangidwe ndi Sam Wanamaker, katswiri wa zisudzo wa ku America, yemwe anamwalira mu 1993 asanaione itatha.

Mipando ili mozungulira m'mwamba, pansi pa denga, ndipo ndi yodula. Koma kutsogolo kwa siteji kuli bwalo loimirira anthu 700. Kwa zaka zambiri tikiti yoimirira inali mapaundi 5, ine ndinalipira 10. Pabwalopo kukhala pansi saloleza, ambulera saloleza chifukwa imatchinga anzako. Tsiku limenelo mvula inayamba sewero lisanafike pakati, ya mawawa ija yosaleka. Ndinaima pafupifupi maola atatu, madzi akutsikira m'khosi, zigongono nditatsamiritsa pasiteji penipeni. Wosewera wina anadutsa pakati pathu akukankha anthu, anaima patsogolo panga, n'kundiyang'ana m'maso, n'kundifunsa funso la m'seweromo ngati ndine mnzake wa kalekale. Chingerezi chake chakalecho sindinamve chonse. Koma ndinayankha ndi mutu, bwalo lonse linaseka, nane ndinaseka kuchokera m'mimba, koyamba chibwerereni kuno. Ndinabwerera kuchipinda nditanyowa chonyowa, ndipo usiku umenewo ndinagona bwino.

Ndiye malume, mapaundi 10 amene aja sindimawawerengera ku zosangalatsa. Anandithandiza kuti ndisasiye sukulu.

Chikondi wa ku Zomba: Achemwali, zimene mwafotokozazi ndi French Cultural Centre ya ku Blantyre Lamulungu masana! Ine ndinali mnyamata wamng'ono nthawi ya malemu Du Chisiza Jr ndi gulu lawo la Wakhumbata, achimwene anga ankanditenga. Anthu ankadzaza mpaka kukhala m'masitepe. Wosewera akanama pasiteji, mayi wina kumbuyo ankakuwa kuti "Ameneyo akukunamizani, musamumvere!" ndipo wosewerayo ankatembenuka n'kumuyankha. A Kwathu Drama Group nawonso n'chimodzimodzi. Ifenso tili ku Chanco tinkatuluka kukasewera panja, m'masukulu ndi m'midzi, popanda nsalu yotchinga, popanda magetsi, anthu atatizungulira. Ine ndinkaganiza kuti azungu amaonera zisudzo ali duu ngati pamaliro. Kodi amagwiritsa ntchito maikolofoni?

Nachisale: Ku Globe sindinaone maikolofoni. Mawu amachokera pachifuwa, ndipo ndege ikadutsa pamwamba wosewera amakweza mawu kapena kudikira, nthawi zina n'kuiloza. Magetsi sazimitsa, wosewera amakuona monga iwe ukumuonera. Koma kukhala duu mukunenako kuliponso. Mu Januwale ndinagula tikiti yotsika mtengo pa kanyumba ka TKTS ku Leicester Square, komwe amagulitsa matikiti a tsiku lomwelo, n'kukalowa m'holo ina ya ku West End, dera la maholo akuluakulu a zisudzo. Mipando yofiira, magetsi n'kuzima, chete. Pamene mkazi wa m'seweromo anapeza kalata imene mwamuna wake anabisa, pakamwa panga panangotuluka "Eee!" Bambo wina wakutsogolo anatembenuka n'kundiyang'ana. Zinandipweteka, chifukwa kwathu kutero n'kulemekeza wosewera, kumuuza kuti tili nawe limodzi. Sewerolo linali labwino kwambiri, koma ndinalionera nditagwira pakamwa.

Mayi NaJere: Pepa mwana wanga. Koma usaganize kuti anthu a kuno sakuwa. Ukanapita nyengo ya Khirisimasi ku zimene amazitcha pantomime. Kuno ku Glasgow ndi nkhani yaikulu, ku King's Theatre ndi ku Pavilion amasewera milungu ingapo, maholo odzaza. Ndi nthano za ana, bambo amavala ngati mayi, woipa akatulukira holo yonse imamuwowoza, ndipo ana amakuwa kuchenjeza mnzawo wa pasiteji kuti chilombo chili kumbuyo kwake. Ine ndinapita ndi zidzukulu, ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Ndiye kukuwa amakudziwa, kungoti anakuikira nyengo yake ndi malo ake. Ife kwathu sitinakupatule.

Wa ku Chipata: Ndilowepo nane, ndine wa ku Zambia koma ndili ku Manchester. Mu 2012, chaka cha Olympics, Globe inaitana magulu a m'maiko osiyanasiyana kudzasewera masewero 37 a Shakespeare m'zinenero 37. Ine nthawi imeneyo ndinali ku London. Mnzanga wa ku Harare ananditengera ku la Chishona, lomwe ankasewera anyamata awiri okha, akusinthanasinthana mbali zonse ndi nsalu imodzi kapena chipewa. Pabwalo paja panadzaza anthu a ku Zimbabwe. Iwo ankayamba kuseka, azungu n'kumatsatira pambuyo atawerenga zolembedwa pa chikwangwani. Panalinso la Chiswahili lochokera ku Kenya ndi la Chiyoruba lochokera ku Nigeria. Ine Chishona ndimamva pang'ono chabe, koma tsiku lija ndinadzimva mwini malo. Ndimalakalaka tsiku lina titamva Chinyanja pasiteji imene ija.

Chikondi wa ku Zomba: Zimenezo zandilasa mtima, achimwene. Osewera tili nawo. Chimene chimatisowa ndi malo okhazikika ndi ndalama yoti munthu ayeserere mwezi wathunthu osaganiza za lendi.

Mphwanu wa ku Kasungu: Pepani akuluakulu, ine ndine watsopano, ndikufika ku London sabata yamawa kudzayamba masitazi. Safunsa anadya phula. Achemwali a Nachisale, maulendo a kunja kwa London munkayenda bwanji ndi mapaundi 40 pa mwezi? Anthu akundiopseza kuti sitima za kumeneko n'zodula koopsa.

Nachisale: Takulandirani mng'ono wanga. N'zoona, tikiti ya sitima ukagula tsiku lomwelo imawawa. Ukangofika gula 16-25 Railcard, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo. Usaope dzinalo, ngakhale utapitirira zaka 25 amakupatsa malinga uli pasukulu nthawi zonse ndipo sukulu yakutsimikizira. Gula matikiti milungu ingapo isanakwane nthawi, ndipo udziwe kuti otsika mtengowo amagwira pa sitima yomwe wasankhayo basi, ikakusiya yapita. Ulendo wautali kwera basi ku Victoria Coach Station. Lamulungu uzionetsetsa kaye, chifukwa ndi tsiku limene amakonda kukonza njanji n'kukutsitsani pakati panjira kuti mukwere basi. Komanso mu Disembala mdima umagwa cha m'ma 4 koloko masana, ndiye nyamuka m'mamawa. Miyezi ina sindinkapita kulikonse, ndinkasonkhanitsa ya miyezi iwiri. Masiku amenewo ndinkalowa ku British Museum kapena ku National Gallery, kulowa n'kwaulere.

Chimodzi chokha usadzakhumudwe nacho: anzako a m'kalasi adzati tiyeni ku Paris Lachisanu. Viza ya UK sikufikitsa kumeneko, ndi pasipoti yathu pamafunika viza ina ya Schengen. Ine ndinaona kuti ndalama ndi nthawi yake sindingakwanitse, ndinazisiya.

Mphwanu wa ku Kasungu: Zikomo kwambiri, ndalemba zonse. Nanga munafika kuti ndi kuti?

Nachisale: Ku Brighton kukaona nyanja, koma gombe lake ndi lamiyala, munthu wodziwa mchenga wa ku Mangochi sakhalitsapo. Ku Oxford tsiku limodzi. Ku Stratford-upon-Avon ndinapita mu Epulo, pa sitima yochokera ku Marylebone, maola awiri ndi kanthu. Ndi tauni yaing'ono, nyumba imene Shakespeare anabadwiramo mu 1564 ikadalipo pa Henley Street, ndipo manda ake ali mkati mwa tchalitchi cha Holy Trinity m'mbali mwa mtsinje. Ndinaima pamandapo ndikukumbukira aphunzitsi athu a Chingerezi kusekondale, amene ankatiwerengera Macbeth buku lili limodzi pa ana asanu, iwo akusintha mawu kukhala mfumu, kenako mfiti, kenako mkazi wa mfumu. Anamwalira asanakwereko ndege. Ndinalakalaka akanakhala pamenepo.

Koma ulendo umene unandikhudza kwambiri ndi wa ku Scotland mwezi wathawu. Ndinasunga ndalama miyezi itatu. Ndinakwera basi ya usiku Lachisanu, maola oposa 9, ndipo inachedwa kunyamuka, chotenthetsera sichinkagwira, ndinafika ku Edinburgh miyendo itatupa. Ogasiti kumeneko ndi mwezi wa Fringe, chikondwerero chimene chinayamba mu 1947 pamene magulu 8 amene sanaitanidwe ku chikondwerero chachikulu anangobwera n'kudzipezera malo awo osewerera. Mpaka lero palibe amene amasankha woti asewere, aliyense wopeza chipinda amasewera. Mumsewu wa Royal Mile sungayende masitepe asanu osapatsidwa kapepala koitanira. Masewero ena n'ngaulere, potuluka umaponya zimene uli nazo mu chidebe.

Kumeneko ndi kumene ndinaonera Macbeth koyamba ndi maso. Anali ana asukulu asanu ndi mmodzi, m'kachipinda ka pansi kokhala anthu ngati 40, zovala zawo zakuda wamba, chisoti chachifumu cha waya. Mawu amene ndinaloweza kuti ndikhoze mayeso a Fomu 4 anatuluka m'kamwa mwa mtsikana wa msinkhu wa mng'ono wanga akupukuta manja ake, akupukutabe, ndipo ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkadziwa mayankho a mafunso koma mantha a mkazi wa Macbeth sindinkawadziwa. Achimwene a ku Zomba, ndinakuganizirani: ana amene aja analibe chimene gulu lanu lilibe.

Mayi NaJere: Ndipo Lamulungu lake anabwera kwa ine, ndinamuphikira nsima ya nkhuku, n'kumutengera ku Blantyre. Fotokoza wekha.

Mphwanu wa ku Kasungu: Ku Blantyre?

Nachisale: Blantyre ya ku Scotland, mng'ono wanga, imene yathu inatengerako dzina pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni mu 1876. Kuchokera ku Glasgow Central ndi mphindi ngati 20 pa sitima. Kutsika pasiteshoni n'kuona chikwangwani cholembedwa Blantyre, kulibe phiri la Soche, kulibe minibasi, kuli zii, thupi linachita tsemwe. David Livingstone anabadwira kumeneko mu 1813, m'nyumba yotchedwa Shuttle Row, ya antchito a fakitale ya thonje, ndipo banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi. Iye anayamba ntchito m'fakitalemo ali ndi zaka 10. Ife kusukulu tinaphunzira za mzungu wamkulu wotulukira nyanja, za mwana wosauka wolumikiza ulusi sanatiuze.

Nyumbayo ndi yosungiramo mbiri, anaitsegulanso mu 2021 ataikonza, ndipo tsopano amafotokoza bwino za anthu akuda amene ankayenda naye. Ndinaima nthawi yaitali pa nkhani ya Susi ndi Chuma. Chuma anali Myao, anamasulidwa ku ukapolo ali mnyamata mu 1861 kwathu konko kumapiri a Shire. Livingstone atamwalira mu 1873, iwowa ndi anzawo ananyamula thupi lake miyezi yambiri mpaka kugombe la Bagamoyo.

Wa ku Chipata: Ndipo mtima wake anaukwirira kwathu, kwa Chitambo. Thupi lokha ndi limene lili ku tchalitchi cha Westminster Abbey ku London.

Malume a ku Leeds: Ndawerenga zonse. Mwana wanga, ndakumva, ndipo poti amayi ako sunawaiwale, pakamwa panga pachepa. Koma maganizo anga sindisintha onse. Iwe unali ndi sikolashipu ndi mutu wabwino. Alipo ana amene amabwera makolo atagulitsa munda, ndipo akaona anzawo akujambulitsa ku Edinburgh nawonso amatenga ngongole. Mphwanga wa ku Kasungu, miyezi iwiri yoyamba usapite kulikonse kolipira mpaka udziwe mmene lendi, basi ndi chakudya zikudyera ndalama yako. Ine ndinabwera mu 2004, zaka zisanu zoyamba ndinkagwira ntchito ziwiri, usiku kosamalira okalamba, masana kufakitale. Ndinaphunzitsa ana a mchemwali wanga atatu. M'holo ya zisudzo sindinalowemo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Ulendo umodzi wokha ndinapita ku London popanda ntchito kapena maliro. Munali mu 2022, atangoimika chiboliboli cha John Chilembwe ku Trafalgar Square, chosemedwa ndi Samson Kambalu, mwana wa kwathu. Ndinapempha tchuthi, ndinakwera basi m'bandakucha. Chilembwe anaima wamtali, chipewa chili kumutu, pambali pake mmishonale John Chorley ali wamng'ono. Nthawi ya atsamunda munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, agogo anga ankanena zimenezi. Ndinavala chipewa changa, ndinaima pamenepo ola lathunthu, ndinadya buledi wanga, n'kubwerera ku Leeds usiku womwewo. Chinachotsedwa mu 2024, inu ana mwachiphonya.

Chikondi wa ku Zomba: Malume, ife tinangoona zithunzi. Inu munaima pamenepo m'malo mwa tonse.

Mayi NaJere: Achimwene, zaka zonsezi nkhani imeneyi simunatiuzepo.

Malume a ku Leeds: Sinabwerepo nthawi yake. Koma za ngongole ndanenazo zigwire.

Mphwanu wa ku Kasungu: Zagwira malume. Ine fizi akundilipirira ndi a sikolashipu, koma ndili ndi mwana kumudzi amene ndamusiya ndi amayi, ndiye ndalama iliyonse ndiziyamba ndaiwerenga kawiri.

Chikondi wa ku Zomba: Achemwali a Nachisale, pempho langa ndi ili. Ngati mubwerere ku Globe, mukationere zinthu zing'onozing'ono: osewera amalowera kuti, amatani kuti amene ali kumbuyo kwa mizati asatsalire, oimba amakhala pati, amamaliza bwanji. Mukabwera mudzatifotokozere ku gulu lathu, tili ndi ana a sekondale amene tikuwakonzekeretsa mpikisano. Ndipo kabuku ka ndondomeko ya sewero, ngati sikodula, mutigulireko kamodzi.

Nachisale: Kumaliza ndikuuzeni pompano: amamaliza ndi gule. Ngakhale sewero lithe ndi imfa, akufa aja amadzuka, onse n'kuvina limodzi, anthu akuwomba m'manja motsatira ng'oma. Zinazo ndikalemba m'kope. Kabukuko ndikagula.

Ndiye ndasankha, Bath idikire. Mng'ono wanga wa ku Kasungu, Loweruka lomwe ndikunenalo udzakhala utafika kale. Matikiti awiri oimirira ndigula ine, malume asadandaule, iwe sulipira kanthu. Yotsalayo ndiwonjezera pa ya feteleza ya amayi. Tidzakumane pa siteshoni ya Blackfriars, khomo la kutsidya la kum'mwera, 12 koloko masana, kuti tikaime pamzere msanga tipeze malo otsamira pasiteji. Uvale nsapato zofewa ndi jekete yokhala ndi chipewa, ambulera usiye kuchipinda. Mpunga ndi nyemba ndibweretsa, tidzadyera m'mphepete mwa mtsinje.

Mphwanu wa ku Kasungu: Achemwali, ndasowa chonena. Jekete yamvula ndilibe, ndikagula pa kaunjika mawa ndisananyamuke.

Mayi NaJere: Ugule yokulirapo, yoti juzi izilowa mkati.